Funsani Akatswiri: AI Yolemba Khodi Ikamatchula Malamulo Akale

Makalata ambiri a mwezi uno akhudza nkhani imodzi: momwe tingapatsire AI yothandiza kulemba khodi njira yofufuzira yokha m'zikalata za ma protocol (malamulo omwe makompyuta amatsata polankhulana), kuti isiye kuyankha za m'mutu.

FUNSO: A Mkonzi, AI yomwe ndimagwiritsa ntchito ikafika pa HTTP, protocol ya mawebusaiti, imangotchula RFC 2616 (ma RFC ndi zikalata za nambala zofotokoza malamulo a intaneti), ndipo nthawi zina imandipatsa nambala ya gawo yoti ndikatsegula chikalatacho ndikupeza likukamba zina. Kodi ndingoikopera chikalata chonse kuti iziwerenga?

YANKHO: Musatero. Koma choyamba dziwani kuti RFC 2616 inatha ntchito kalekale. Inatuluka mu 1999, mu 2014 inalowedwa m'malo ndi RFC 7230 mpaka 7235, ndipo mu 2022 kunabwera RFC 9110, 9111 ndi 9112. AI inaphunzira pa zolemba za pa intaneti, ndipo kwa zaka 15 anthu ankangotchula 2616 m'mabuku, m'mayankho ndi m'ndemanga za mu khodi. Ikungobwereza chomwe inamva kwambiri. Nambala za magawo ndiye imangoponya yomwe ikumveka ngati yoona, poti chikalatacho sichili pamaso pake.

RFC 9110 yokha ili ndi masamba pafupifupi 200. Mukaithira yonse, yadya malo aakulu omwe AI imasungiramo zokambirana, khodi yanu yasowa pokhala, ndipo funso lililonse lotsatira likusenza katundu yemweyo. Komanso 9110 siima payokha. Ikulozerani ku 9112 pa kapangidwe ka uthenga wa HTTP/1.1, ku RFC 3986 pa ma URI (maadiresi a pa intaneti), ku RFC 5234 pa ABNF (kalembedwe ka galamala ya protocol). Mukopera zingati?

Ipatseni zida zofufuzira. Njira yofala masiku ano ndi Model Context Protocol, mwachidule MCP, yomwe Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024 ndipo mapulogalamu ambiri olembera khodi amailandira. Mumalemba kaseva kakang'ono kokhala ndi zida ziwiri. Choyamba chimalandira mawu n'kubweza zotsatira 5 mpaka 8, chilichonse ndi nambala ya RFC, nambala ya gawo, mutu wake ndi mizere iwiri kapena itatu basi. Chachiwiri chimalandira nambala ya RFC ndi ya gawo n'kubweza gawo lonselo. Ziwirizi musaziphatikize. Chida chimodzi chobweza magawo 8 athunthu chimangodzaza malo ndi zinthu zosafunika, pomwe AI ikaona mitu kaye imasankha gawo limodzi kapena awiri.

Zikalatazo zimapezeka mwaulere kwa RFC Editor, ndipo mungazikoke zonse ndi pulogalamu yokopera mafayilo ya rsync. Musasiye fayilo ya rfc-index.xml, chifukwa m'menemo ndi momwe mwagona nkhani. RFC ikatuluka siisinthidwanso ngakhale chilembo chimodzi, choncho mawu a mu 2616 sanena paliponse kuti inatha. Fayilo ija ndi imene imanena kuti yakuti inalowedwa m'malo ndi yakuti. Chidziwitsochi chimateni pa chidutswa chilichonse, ndipo chida chofufuzira chizibisa zakale pokhapokha zitapemphedwa mwadala.

Palinso msampha wina womwe anthu ambiri amagwamo. RFC ina siichotsa inzake, imangoikonza pena. RFC 6749 ya OAuth 2.0 (njira yopatsira pulogalamu chilolezo cholowa m'akaunti ya munthu), ya mu 2012, ikugwirabe ntchito, koma RFC 9700 ya mu 2025 inaletsa njira ija yoti pulogalamu izitenga yokha dzina ndi password ya munthu. Chida chongobisa zotha ntchito chidzabweza gawo la njira yoletsedwayo popanda chenjezo lililonse. Ndiye gawo lililonse lomwe likubwezedwa liziyamba ndi mzere wotchula ma RFC omwe anakonza chikalatacho.

FUNSO: Zikomo akuluakulu. Ndinadula zikalata zonse m'zidutswa za zilembo 1000 monga ambiri amalangizira. AI yandilembera seva ya WebSocket (protocol yolumikiza browser ndi seva mosadukiza) yomwe ikuphimba (mask) ma frame, tizidutswa ta uthenga, opita kwa client, ndipo browser ikungodula kulumikizana. Vuto lili pati?

YANKHO: Mosakayikira lili pa mpeni wanuwo. Gawo 5.1 la RFC 6455 lili ndi malamulo awiri oyandikana: client iyenera kuphimba frame iliyonse yopita ku seva, ndipo seva siyenera kuphimba frame iliyonse yopita kwa client. Client ikalandira frame yophimbidwa iyenera kutseka, ndiye browser yanu ikungotsata lamulo. Mukadula powerenga zilembo, mpeni ukhoza kugwera pakati pa ziganizo ziwirizi. AI inalandira chidutswa chokamba za kuphimba, chinzake chonena kuti seva isatero chinatsala.

Kudula pa zilembo kumayenda pa nkhani wamba, osati pa malamulo. M'chikalata cha protocol, mawu oti MUST, SHOULD ndi MAY ali ndi matanthauzo omwe RFC 2119 inaika mu 1997, ndipo kawirikawiri lamulo limabwera ndi chiganizo china chonena nthawi yomwe siligwira. Dulani pa mitu ya magawo. Gawo likatalika kwambiri, dulani pakati pa ndime, osati mkati mwa ndime, ndipo chidutswa chilichonse chinyamule mutu wake wonse kuyambira pamwamba: RFC 6455, gawo 5, gawo 5.1. Gawo lalifupi la mizere itatu lisiyeni choncho, musaliphatike ku linzake kuti lifike pa mlingo.

Yang'ananinso zithunzi. Gawo 5.2 lili ndi chithunzi cha frame chojambulidwa ndi timizere ndi mipata, chosonyeza kuti bit iliyonse ili pati. Mapulogalamu ambiri oyeretsa mawu amasandutsa mipata yambiri kukhala umodzi, ndipo chithunzicho chimangosanduka phala. M'gawo lomwelo muli lamulo la kutalika kwa uthenga: nambala 0 mpaka 125 ndi kutalika kwenikweniko, 126 ikutanthauza kuti werengani ma byte 2 otsatira, 127 werengani 8. Chithunzi ndi mawu ofotokoza izi zikhale pamodzi, mipata isakhudzidwe.

Ma RFC akale ali ndi masamba, ndiye mutu ndi nambala ya tsamba zimalowerera pakati pa chiganizo. Zichotseni musanadule. Kuyambira RFC 8650, ya mu 2019, pali fayilo ya XML yomwe magawo, matebulo ndi zithunzi zinalekanitsidwa kale. Ikakhalapo gwiritsani ntchito imeneyo.

FUNSO: Mnzanga akuti popanda ma embedding ndi vector database palibe chomwe ndingachite. Ine ndili ndi database ya SQLite basi. Ndani akulondola?

YANKHO: Yambani ndi SQLite yanuyo. Ili ndi FTS5, yomwe imafufuza mawu n'kusanja zotsatira ndi njira yotchedwa BM25, ndipo pa zikalata za protocol ntchito yambiri imathera pomwepo. Chifukwa chake n'chakuti AI ikamalemba khodi imafufuza mayina enieni: Retry-After, 1002, SYN-ACK, invalid_grant. Ma embedding amayeza kufanana kwa tanthauzo, ndipo kwa iwo ma status code (nambala za mayankho a HTTP) 307 ndi 308 n'zinthu zoyandikana kwambiri, chimodzimodzinso MUST ndi MUST NOT. Pa ntchito yathu ino kuyandikana kumeneko ndiye vuto.

FTS5 ili ndi khalidwe limodzi lomwe limazunguza mutu. Mukaipatsa Retry-After osaika m'zizindikiro zogwira mawu, kamzere kapakati imakatenga ngati chizindikiro cha chilankhulo chake chofufuzira, ndipo imakana funsolo. AI imaona ngati palibe chapezeka n'kubwerera ku za m'mutu. Kaseva kanu kaziika mawu aliwonse m'zizindikiro zogwira mawu kasanawapereke. Ngati mukufuna kuti dzina lotere lizikhala liwu limodzi, onjezani kamzereko pa tokenchars, mndandanda wa zizindikiro zomwe FTS5 iziona ngati mbali ya liwu, popanga tebulo. Ikaninso mutu wa gawo mu column yakeyake n'kuipatsa kulemera kokulirapo mu bm25, kuti gawo lomwe mutu wake ndi Retry-After lizibwera patsogolo pa magawo ongolitchula podutsa.

Mnzanuyo sakunama kotheratu. Funso likakhala loti seva ingauze bwanji client kuti idikire kaye, mulibemo liwu lofanana ndi mutu wa gawo, ndipo apa ma embedding amathandiza. Mukafika pamenepo phatikizani njira ziwirizi. Njira yosavuta ndi reciprocal rank fusion: chotsatira chilichonse chimalandira 1 kugawa ndi 60 kuphatikiza malo ake pa mndandanda, kenako mumawonkhetsa za mindandanda yonse iwiri. Koma musathamangire. AI ikaphonya koyamba imatha kusintha mawu n'kufufuzanso kawiri katatu, ndipo kawirikawiri dzina la header (mzere wa pamutu pa uthenga wa HTTP, monga Retry-After) imalidziwa kale.

FUNSO: Kaseva kanga ka MCP kamayenda bwinobwino ndikakayesa pakokha, koma ndikakalumikiza ku pulogalamu yolembera khodi kamafa pomwepo. Nthawi zina kamalumikizika koma AI siikagwiritsa ntchito.

YANKHO: Pa vuto loyamba, fufuzani print m'khodi yanu. Seva yolumikizidwa kudzera pa stdio imalankhula JSON-RPC 2.0 pa stdout, komwenso print imalemba, ndipo mzere umodzi wongonena kuti seva yayamba ndi wokwanira kusokoneza zonse. Mauthenga otere azipita ku stderr, njira ina ya mauthenga a zolakwika. Lembaninso njira yonse yopita ku fayilo ya database, chifukwa pulogalamu ija ikhoza kuyambitsa kasevako kuchokera mu folder ina.

Pa lachiwiri, AI imasankha chida powerenga dzina ndi kufotokoza kwake. Mawu oti chimafufuza zikalata ndi operewera. Lembani kuti muli ma RFC ati, kuti chigwiritsidwe ntchito AI isanalembe khodi yokhudza header, status code kapena kapangidwe ka frame, ndipo perekani chitsanzo cha funso labwino. Mu fayilo ya malangizo a project, monga AGENTS.md kapena CLAUDE.md, onjezani lamulo loti khodi iliyonse yotsata protocol ikhale ndi ndemanga yotchula RFC ndi gawo lomwe AI yawerenga.

FUNSO: Ife sitigwira ma RFC. Tili ndi mabuku a PDF a makina a m'fakitale olankhula protocol ya Modbus, ndi zikalata zina zogula. Njira yomweyi ingagwire?

YANKHO: Ingagwire, koma ntchito yaikulu ili pa kutulutsa mawu mu PDF. Buku la makina phindu lake lili m'matebulo a ma register, timalo ta m'makina tosungira nambala, ndipo tebulo ndi chomwe chimayamba kuwonongeka. Yesani pdftotext ndi -layout kuti mizere isasokonekere, kenako tsegulani zotulukazo muyerekeze ndi maso mizere ingapo pa tebulo lililonse. PDF yochita kujambula pa scanner imafuna OCR, pulogalamu yowerenga zilembo pa chithunzi, monga Tesseract, ndipo OCR imasokoneza 0 ndi O, 1 ndi l, 8 ndi B, zomwe pa adiresi ya hexadecimal zimakufikitsani pa register ina. Tebulo likadutsa tsamba, mitu ya ma column imatsala kumbuyo. Chabwino n'kusandutsa tebulo lonse kuti register iliyonse ikhale mzere wake mu database: adiresi, dzina, mtundu wa nambala, muyeso, ndi ngati imalembeka kapena imangowerengeka.

Pa Modbus lembani poyera kawerengedwe komwe bukulo likutsata. Register yomwe buku likuitcha 40001 imapita pa waya ngati adiresi 0, ndipo mabuku ena amayambira pa 0, ena pa 1. AI ikapanda kuuzidwa imangosankha imodzi, khodi n'kumawerenga register yoyandikana popanda kudandaula kulikonse. Nambala ya ma bit 32 imatenga ma register awiri, ndipo opanga makina sagwirizana kuti woyamba ndi uti. Nambala ya kope la bukulo ndi ya firmware zikhalenso pa chidutswa chilichonse.

Za zikalata zogula ndi zachinsinsi, kumbukirani ichi: ngakhale kaseva kali pa kompyuta yanu, mawu omwe kabweza amapita komwe kuli AI. Ngati AI ili pa maseva a kampani ina, gawo lililonse lomwe yawerenga latuluka pakhomo panu. Werengani chilolezo cha chikalatacho ndi mgwirizano wanu ndi kampaniyo musanachiike. Ndipo zikalata zochokera kwa anthu osawadziwa ziwerengeni kaye, chifukwa mawu obisika mkati mwake olamula AI kuchita zina ikhoza kuwatsata. Zida zanu ziwiri zija zikhale zongowerenga.

FUNSO: Ndidziwa bwanji kuti zonsezi zikuthandizadi?

YANKHO: Lembani mafunso 20 kapena 30 omwe mukudziwa kale gawo lomwe lili ndi yankho lake. Ayendetseni pa chida chofufuzira chokha, popanda AI, n'kuwerenga kuti ndi angati omwe gawo lolondola lili pa zotsatira 5 zoyamba. Bwerezani nthawi iliyonse mukasintha kadulidwe kapena kulemera kwa ma column. Mukasakaniza kuyesa chida ndi kuyesa AI, simudziwa yemwe waphonya.

Mwa mafunsowo ikanimo amisampha. Limodzi lifunse za protocol ya TCP, muone ngati kukubwera RFC 9293 ya mu 2022 osati 793 ya mu 1981. Lina lifunse chinthu chomwe mulibe m'zikalata zanu, muone ngati chida chikunena poyera kuti sichinapeze, m'malo mobweza chilichonse choyandikira. Linanso likhudze pomwe pali cholakwika chodziwika: poti RFC siisinthidwa, zolakwika zimalembedwa padera ngati errata, ndipo zoyenera kumata pa gawo ndi zomwe zili Verified, osati zomwe zangonenedwa kapena zokanidwa.

Chotsaninso ma RFC anthabwala a pa 1 Epulo. RFC 1149 ya mu 1990 imafotokoza kutumiza mauthenga a intaneti (IP) pa nkhunda, RFC 2324 ya mu 1998 ndi komwe kunachokera status code 418, ndipo zonse zinalembedwa ndi nkhope yowuma ngati zinzake. Mu rfc-index.xml mumazizindikira chifukwa deti lake limakhala ndi tsiku, pomwe ma RFC ena amangolemba mwezi ndi chaka.