Madzi ndi oyera koma kumtunda akutsukira masipuleya

FUNSO: Akonzi, ine ndili kuno ku Bembeke, mjigo wathu unafa kalekale ndiye tikutunga mkamtsinje ka kumunsi kwa madimba. Madzi ake ndi oyera mbee koma anyamata akamaliza kupopera mbatatesi amatsukira masipuleya momwemo kumtunda. Apongozi anga akuti bola tikuthira WaterGuard palibe vuto. Nzoona? Mayi wa ku Bembeke, Dedza.

YANKHO: Mayi, apongozi anuwo sakunama pa nkhani ya tizilombo. WaterGuard ndi kulorini, amapha tizilombo ngati ta kolera, ndipo musasiye kuthira ayi, mliri wa 2022 mpaka 2023 uja unatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kachitsekero kamodzi mu ndowa ya malita 20, mudikire mphindi 30 kenako ndi pomwe mungamwe.

Koma Dithane ndi mankhwala ena opopera mbewuwa ndi nkhani ina, kulorini sawachotsa, kuwiritsanso musadalire, ndipo choipa chake akasungunuka m'madzi saoneka ndi maso nkomwe, madzi amangokhala mbee ngati momwe mukuneneramo. Mukapita kokatunga muziyang'ana. Nkhanu zija zinkabisala pansi pa miyala zikadalipo? Ambululu nanga? Zimenezi zikasowa, madziwo muwakayikire. Mukapeza timatemba tikuyandama chagada mmawa anthu atapopera dzulo lake, pamenepo osatunganso. Ndere zikachuluka mpaka madzi kuoneka obiriwira nthawi zambiri ndi feteleza wokokoloka m'madimba.

Zoyeza zenizeni ndi ku labotale basi. Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa kwanuko, akulumikizeni ndi ofesi ya zamadzi ku khonsolo pa boma la Dedza. Madzi okayezetsa satengera m'botolo la Sobo lomwe mwatola pakhomo, a ku labotale amakhala ndi mabotolo awo ndipo madziwo amayenera kufika tsiku lomwelo ali ozizira. Muyezo wa WHO, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, umati mu mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke E. coli olo mmodzi, kachilomboka kamaonetsa kuti mwalowa chimbudzi. Koma muwauze mwatchutchutchu za masipuleyawo chifukwa kuyeza mankhwala nkwapadera, mukangoti "tiyezereni" akhoza kungoona za tizilombo zokha inu nkubwerera mukusangalala.

Anyamatawo asakuopseni, kuipitsa mtsinje ndi mlandu pa lamulo la zamadzi la 2013, lomwe linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority. Ine ndingayambe kaye kwa amfumu, poti ndi ana a m'mudzi momwemo ndipo madziwo amayi awonso akutunga omwewo. Sipuleya atunge madzi mu ndowa akatsukire kumunda kutali ndi mtsinje, katatu, zotsukazo athire m'mizere momwe apoperamo. Mabotolo otha abowole, osati kusungiramo mchere ngati momwe ena amachitira.

Ndiye mjigowo komiti yake ili kuti? Sonkhani kangachepe muitane mekaniki, nthawi zambiri chimakhala chafa ndi timarabala tamkati chabe.