Mwana ayambe vayolini ndi mphunzitsi, inunso muli pomwepo

Mayi, mwafunsa ngati n'koyenera kulipira mphunzitsi wa m'dera lanu kuti aziphunzitsa mwana wanu wa zaka 8 kuimba vayolini payekha, kapena ayambe kaye ndi makanema a pa intaneti kufikira mutaona kuti ali nacho chidwi chenicheni. Ine ndikukulangizani kuti muyambe ndi mphunzitsi, chifukwa njira ya makanemayo ndinaiyesa ndi mwana wanga wamkazi ndipo inatitayitsa nthawi.

Gitala ili ndi tizitsulo topingasa pakhosi pake tosonyeza poika chala, pamene vayolini ilibe chizindikiro chilichonse pansi pa nsambo zake zinayi za G, D, A ndi E, mofanana ndi kaligo wathu wa nsambo imodzi amene woimba amadalira khutu lokha. Chala chikangophonya pang'ono, liwu lasokonekera, ndipo kanema sangamve kuti mwana waphonya. Mwana wanga anazolowera kufinya khosi la vayolini ndi chikhatho chonse, phewa atalikweza mpaka kukhutu. Tsiku loyamba mphunzitsi sanamulole kuimba nyimbo iliyonse. Anamuimiritsa pagalasi, n'kumuongola mkono, n'kumupinditsa chala chachikulu pa uta wokhwekhwezera nsambo mobwerezabwereza. Kuchotsa chizolowezi chimenecho kunatenga miyezi yambiri kuposa imene chinatenga kuti chikhazikike.

Posankha mphunzitsi, musakopeke ndi kaimbidwe kake kokha, pakuti kuimba bwino ndi kuphunzitsa mwana ndi maluso awiri osiyana. Pemphani kuti muonerere phunziro limodzi musanalipire, ndipo muone ngati akuyang'anitsitsa manja a wophunzira kapena akungowerenga papepala. Mumufunsenso njira imene amatsatira. Ena amatsatira ya Shinichi Suzuki wa ku Japan, amene ankaphunzitsa kuti mwana ayambe kuimba pomvetsera monga amaphunzirira chinenero cha makolo ake, kuwerenga manotsi (zizindikiro zolembera nyimbo) kubwere pambuyo, ndiponso kuti kholo lizikhala nawo pa phunziro. Ena amakonzekeretsa ana mayeso a zoimbaimba a mabungwe a ku Britain otchedwa ABRSM kapena Trinity College London, mayeso amene amakwera mpaka giredi 8. Zonsezi n'zabwino, koma chaka choyamba mayeso asakuthamangitseni. Ngakhale mphunzitsiyo asakhale wa njira ya Suzuki, inu muzikhala m'chipindamo, chifukwa ndi chitetezo kwa mwana, komanso ndinu amene mudzamukumbutsa kunyumba masiku ena onse a sabata.

Musagule chida mphunzitsi asanamuyeze mwanayo. Mavayolini a ana amabwera m'misinkhu monga 1/4, 1/2 ndi 3/4, ndipo wa zaka 8 kawirikawiri amagwera pa 1/2, koma chimene chimalamula ndi kutalika kwa mkono, osati zaka. Maganizo athu aja ogulira mwana nsapato zazikulu kuti akulire momwemo pano amavulaza khosi ndi phewa. Funsani ngati mphunzitsi ali ndi yobwereketsa, popeza mwanayo adzaipitirira msinkhu posachedwa.

Phunziro la mphindi 30 pa sabata n'lokwanira pa msinkhu umenewu, bola aziyeserera mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse m'malo mowunjika zonse Loweruka. Mugwirizane msanga za malipiro a tsiku limene mmodzi wa inu walephera kubwera. Mugulirenso utomoni wopaka pa ubweya wa uta ndi nsambo ya E yapadera, imene ndi yopyapyala kuposa zonse ndipo siipezeka paliponse. Akamaliza kuimba azimasula uta ndi kupukuta fumbi la utomoni, ndipo chidacho chisasiyidwe m'galimoto padzuwa la Okutobala. Zikhomo zochunira zimauma n'kumaterereka m'chilimwe, n'kufufuma m'dzinja, choncho miyezi yoyambayi kuchuna mumusiyire mphunzitsi.