Ngati Mulungu ndiye adaumba msana, nanga bwanji umapweteka?

Sabata yatha ndidalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lifuwu, kuno ku Salima. Akuti chaka chilichonse nyengo yowokera mpunga ikafika, msana umawapweteka mpaka tulo osabwera. Mwana wawo wa kusekondale adawauza kuti ululuwo ndi umboni woti tidachokera ku nyama zoyenda ndi miyendo inayi, ndipo msana wathu sudazolowerebe kuimirira. Funso lawo ndi ili: "Kodi Mulungu adalakwitsa pamsanapa?"

Mayi, pepani ndi ululuwo. Yankho langa ndi lakuti ayi, sadalakwitse, koma tiyeni tiuone kaye msanawo.

Msana uli ndi mafupa 33: 7 m'khosi, 12 pomwe pagwira nthiti, 5 akuluakulu m'chiuno, 5 olumikizana kukhala fupa limodzi, ndi 4 ang'onoang'ono kumapeto kwenikweni. Pakati pa mafupa amene amagwedera pali timinofu 23 tozungulira, tolimba kunja koma tofewa ndi tamadzimadzi m'kati. Inu mumaidziwa nkhata. Musanasenze ndowa ya malita 20 kuchokera ku mjigo, mumapinda chitenje n'kuika pamutu kuti kulemerako kusagunde fupa. Timinofu timeneti ndi nkhata zomwe zidaikidwa kale m'thupi mwanu musanabadwe. Masana zimafinyika n'kutaya madzi pang'ono, usiku mukagona zimayamwanso, n'chifukwa chake m'mawa munthu amatalikirapo ndi pafupifupi sentimita imodzi poyerekeza ndi madzulo. M'kati mwa nkhatazi mulibe mitsempha ya magazi yokwanira, ndiye chakudya chimalowamo mwa kufinyika ndi kumasuka komweko. Msana udapangidwira kuyenda.

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi kupindika kwake. Mwana wakhanda amabadwa ndi msana wopindikira mbali imodzi ngati uta. Akafika miyezi itatu n'kuyamba kudzutsa mutu, timati khosi lalimba, ndipo apo m'pamene khosi limapindikira kutsogolo. Akayamba kuima ndi kuyenda, m'chiunonso mumapindika. Mapeto ake msana umakhala ngati chilembo cha S, mutu n'kukhala pamwamba penipeni pa chiuno ndi mapazi. Ukadakhala wowongoka ngati nsichi, phazi lililonse lomwe mwaponda likadamvekera m'mutu. Ndipo m'katikati mwa mafupa amenewa mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, womwe umatulutsa nthambi 31 mbali iliyonse, koma mutha kuwerama, kutembenuka, kubereka mwana kumbuyo, mtsemphawo uli wotetezeka.

Palinso china chokhudza inu amayi. M'chaka cha 2007, asayansi Katherine Whitcome, Liza Shapiro ndi Daniel Lieberman adalemba m'magazini ya sayansi ya Nature kuti kupindika kwa m'chiuno kumatenga mafupa atatu mwa akazi, pomwe mwa amuna ndi awiri, ndipo izi zimathandiza mayi woyembekezera kupendekera kumbuyo mimba ikamakula. Ndinene chilungamo: iwowo adati ndi zotsatira za chisinthiko, ganizo lija loti tidachita kusintha kuchokera ku nyama. Ine ndikaona zomwezo ndimaona dzanja la Iye amene adadziwiratu kuti mkazi adzanyamula mwana miyezi isanu ndi inayi ataimirira. Davide adati pa Masalimo 139:14, "chipangidwe changa nchoopsa ndi chodabwiza."

Mwana wanu mwina adzatchulanso kafupa ka kumapeto kaja. Charles Darwin, wasayansi amene adatchukitsa ganizo la chisinthiko, mu 1871 adakatcha chotsalira cha mchira. Koma pamenepo pamagwira minofu yomwe imachirikiza za m'mimba ndi kutithandiza kudzigwira tikafuna kupita kuchimbudzi, ndipo kamalandirako thupi tikakhala motsamira. Amene adagwapo chagada pa kabaza n'kukavulaza amadziwa kuti si kachabe. Mwana wanuyo mumufunsenso izi: ngati vuto ndi miyendo iwiri, bwanji agalu ndi akavalo nawonso amadwala msana?

Tsono ululuwo ukuchokera kuti? Baibulo silibisa. Genesis 3:19 imanena za kudya m'thukuta la nkhope, ndipo Aroma 8:22 imati chilengedwe chonse chikubuula. Thupi lidapangidwa bwino, koma likukhala m'dziko lomwe lidagwa, momwe muli ukalamba, matenda ndi ntchito yowawa. Kuwokera mpunga ndi kuwerama kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka, miyendo ili m'matope. Pamenepo S uja amafafanizika, nkhata za m'chiuno zimapanikizika mbali imodzi, minofu n'kutopa. Ngakhale khasu losulidwa ndi mmisiri waluso limapindika ukamalimira pamwala tsiku ndi tsiku. Ndipo kumbukirani mayi wa pa Luka 13, amene adakhala wopindika msana zaka 18. Yesu sadamuuze kuti ndi mmene adalengedwera. Adamuitana, namuika manja, ndipo adawongoka.

Pakadali pano, m'munda muziweramuka pafupipafupi, manja m'chiuno, n'kupendekera kumbuyo pang'ono. Potukula thumba la mpunga pindani mawondo, thumbalo likhale pafupi ndi thupi, ndipo la makilogalamu 50 musalimbane nalo nokha. Msana ukawawa musangogona masiku ambiri, kuyenda pang'onopang'ono kumathandiza.

Koma mukaona miyendo ikuchita dzanzi kapena kufooka, mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka osadziwa, kapena ululu ukubwera limodzi ndi kuonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, musadikire kuti mpunga uthe kuwokera. Chifuwa chachikulu chimagwiranso mafupa a msana, ndipo chimachizika chikapezeka msanga. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mwana wanuyo akuperekezeni.