Kwa msuweni wanga, za khola la mbuzi lija

Halo... ikujambula kodi? Eya. Bambo a Chisomo, mwamuna wanga wa chisuweni, ndauona uthenga wanu uja mwaponya pagulupa. Mukufunsa kuti khola la mbuzi zisanu likhale lalikulu bwanji. Koma ndaonanso nthawi yomwe mwalembera. 2 koloko usiku. Bambo wa zaka 48, wa tayi pakhosi, ofesi ku Lilongwe, kumafunsa za khola usiku pakati? Aaa, inu. Mbuzi zili m'tulo nthawi imeneyo, amene akusowa tulo ndi wina.

Chabwino, ndiyankhe kaye, mungati ndakunyozani. Misoti isanu ndi tonde mmodzi, mamita atatu uku, atatu uku, zikwana. Ayi, dikirani... muonjezere kachipinda kapambali ka yobereka, paja tonde amaponda ana. Likhale la m'mwamba, mita imodzi kuchoka pansi, ndipo pakati pa mitengo yoyala pansiyo musiye mpata wa chala chimodzi, ndowe zizigwa koma kamwendo ka mwana kasalowe. Ndiye basi.

Koma mukuwakumbukira a Malume a ku Mponela? Osati za malata zija, zimene zija tisaziyambe, Anaphiri ali pagulu pano. Ndikunena za mbuzi zawo. Anapuma ntchito 2012, chaka chimene kwacha inagwa mu May chija. Atalandira ndalama zawo anachita mantha kuti zisungunukira m'manja, ndiye anakagula mbuzi 40 kamodzi. Makumi anayi! Zina kumsika uku, zina uko, n'kungoziphatikiza tsiku lomwelo. Cholakwa choyamba chimenecho. Mbuzi yachilendo imafuna ikhale payokha milungu itatu, inayi, muione ngati ikutsokomola, muipatse mankhwala a njoka za m'mimba, kenako ikalowe kwa zinzake. Iwo ayi. Khola lapansi, matope, denga lodontha. Analemba mnyamata, eni ake n'kubwerera kutauni kukakhala pakhonde ndi wailesi.

Mvula itagwa, msipu wanthete uja, mbuzi zinayamba kutsekula. Zina kutupa kunsi kwa chibwano, ukatsegula chikope m'kati mwayera mbee, magazi atha, njoka zimenezo. Zina chibayo chifukwa chogona pachinyezi, zina ziboda kuola. Mnyamata pafoni amangoti "zili bwino bwana." Pofika Epulo zinatsala zisanu ndi... ayi ndanama, zinatsala zitatu. Azakhali anachita kuseka mpaka kugwira m'mimba, mukudziwa kaseke kawo kaja.

Nde apa ndi pamene pali nkhani. Manyazi anawagwira, anapita kukakhala kumudzi komweko ati kukagulitsa zotsalazo. Sanagulitse. Anayamba kudzuka 5 koloko, kukadula lukina, kuunjika masamba a mtedza pa denga kuti adzadyetse mu Okutobala msipu ukatha, kamadeya pang'ono, kamchere, madzi tsiku lililonse. Anamuitana mlangizi wa ziweto, n'kumamwetsa mankhwala a njoka mvula ikamayamba ndi pamene ikutha. Anagula kope la ana asukulu, kulembamo tsiku limene mbuzi yakweredwa, n'kuwerenga masiku 150. Munthu amene ankaiwala tsiku lobadwa la mkazi wake, eti, koma la mbuzi ankalidziwa. Tonde ankasinthana ndi a kutsidya kwa dambo chaka chikatha, kuopa kuti angakwere ana ake omwe n'kumabala timbuzi tofooka.

Ndiye anayamba kubwereketsa. Mayi wamasiye wa pafupi paja anampatsa msoti, kuti ukabereka abweze mwana mmodzi wamkazi, apatsenso wina. M'mawa uliwonse pakhomo pawo pamakhala munthu, wina mbuzi yake yakana kudya, wina yalephera kubereka. Mumawaona mmene ankayendera masiku amenewo? Gambuti kuphazi, kope m'thumba, kumwetulira okha. Ndalama sanapeze zambiri ayi, tisanamizane. Koma munthu uja wa pakhonde ndi wailesi anatheratu.

Ndiye bambo a Chisomo... mmm, ndinene bwanji. Inu simukufuna mbuzi. Chisomo ali ku koleji, wamng'ono ali ku boarding, nyumba munaimaliza, kuntchito palibenso mpando wina woti muthamangire. Zaka 25 mwakhala mukudzukira fizi ndi lendi, lero zimenezo zachepa, ndiye mukudzuka n'kumadzifunsa kuti ndadzukiranji. Mukufuna china choti chizikudikirani m'mawa, ndi anthu oti azikufunani pa chinthu chimene si ndalama. Si matenda amenewo, msinkhu wake ndi womwewu. Ngakhale... BP kayezetseni ndithu, ndi shuga yemwe. Ikamapitirira 140 pa 90 kawiri katatu, musamati ndi maganizo chabe. Ndipo kusagonako kukapitirira milungu, nsima osaifuna, kucheza osakufuna, mukawauze a dokotala momwemo, palibe chamanyazi.

Mbuzizo gulani, sindikukuletsani. Koma zitatu, osati zisanu, ndipo zikhale poti mungafike Loweruka lililonse, muzigwira nokha, muzitsegula zikope nokha. Mukazisiyira mnyamata n'kumangotumiza ndalama pafoni, mwangowonjezera bilu, 2 koloko ija idzakupezanibe muli maso. Chimene chinawadzutsa a Malume si mbuzi 40 zija, ndi zitatu zimene ankazidyetsa ndi manja awo, ndi anthu aja obwera m'mawa. Mwandimva? Kanthu kakang'ono, kokufunani inuyo mwini wake, osati chikwama chanu. Kaya ndi mbuzi, kaya kwaya munaithawa ija, kaya kuphunzitsa masamu ana a Fomu 4 a m'dera mwanumo, zili kwa inu.

Komanso mai a Chisomo mwawauza? Kapena akumva nafe pagulu pompano? Hehe. Auzeni kaye iwo, mwina nawonso ali maso mbali inayo ya bedi.

Aa, batire ikutha. Mitengo ya khola musagule, ya bulugamu ija ya kuseri kwa manda ikadalipo, mukapemphe kwa a Gogo. Mupite ndi shuga, osapita manja lende ngati ulendo watha uja.