Funsani Tikuyankheni: bwanji anthu akafukufuku anadumpha nyumba yanga?

FUNSO: Akulu, chaka chatha kunabwera anyamata atanyamula ma tabuleti kuno kwathu ku Tsangano akuti akupanga kafukufuku wa ulimi, koma analowa nyumba zochepa chabe, kwanga anangodutsa ine ndili pakhonde ndikusankha kachewere. Nde pano ndamva akuti avereji mlimi amakolola matumba ambiri zedi, pomwe ine ndinapeza 5 basi. Sibodza limeneli? — Mayi wa ku Tsangano, Ntcheu

YANKHO: Zikomo mayi. Kukudumphani kuja sikuti anakudani ayi. Wofunsa nyumba iliyonse ndi kalembera, amapanga a NSO, ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya ku Zomba, patapita zaka pafupifupi khumi, wa 2018 anapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni. Kafukufuku wamba alibe ndalama zoyendera khomo lililonse, nde amatenga sampulo, kagulu kochepa koimira onse. Inunso mukamaphika nyemba simumaliza mphika wonse kuti mudziwe ngati mchere wakwana, mumangolawa kamsuzi pang'ono, koma mumayamba mwatakasa kaye eti? Kutakasako kwa iwowa ndi kuchita mayere, nyumba zisankhidwe mwamwayi osati poti mwininyumba ndi mlamu wa amfumu. Akangofunsa okhawo ogulitsa pa Lizulu m'mbali mwa msewu wa M1, ndiye kuti alawa pamwamba pokha, alimi a kumapiri omwe galimoto sifikako nthawi yamvula sanamveke.

Za avereji zija ndi pomwe anthu timapusitsika kwambiri, ngakhale ophunzira amene. Tiyerekeze alimi asanu: wina wakolola matumba 4, awiri 5 aliyense, wina 6, kenako pali bwana uja wogula feteleza pa lole wakolola 80. Kuphatikiza ndi 100, kugawa pasanu ndi 20. Ndiye avereji ikuti 20 pomwe anayi onsewo sanafike ndi pa 7 pomwe! Nambalayo sinaname, koma munthu mmodzi waikokera kumwamba. Mukawandandalika kuyambira wochepa mpaka wambiri n'kutenga wapakati, imeneyo amati midiyani, apa ikhala 5, ndendende matumba anu aja.

Akadzabweranso afunseni kuti anafunsa nyumba zingati, anazisankha bwanji, ndipo midiyani yake ndi zingati. Muwapatseko mpando, yankho lake limatenga kanthawi.