Momwe matimu a baseball ku America amasakira achinyamata draft isanafike

Achimwene, mwafunsa kuti matimu a Major League Baseball, ligi yaikulu ya baseball ku America, amadziwa bwanji kuti mnyamata wa zaka 18, amene sanakumanepo ndi akatswiri pabwalo, ndi woyenera kupatsidwa mamiliyoni a madola, komanso ngati anthu amene amayenda m'mabwalo kusaka osewera akadali ndi ntchito masiku ano pamene makina akuyeza chilichonse. Yankho langa ndi lakuti palibe timu imene imadziwa motsimikiza, komabe simangolota ayi, chifukwa kuseri kwa dzina lililonse limene limatchulidwa pa draft, mwambo wa chaka ndi chaka pamene matimu amasinthana kusankha osewera atsopano, kumakhala ntchito ya chaka chathunthu kapena kuposerapo, ndipo mbali yovuta kwambiri ya ntchitoyo ikadali m'maso mwa munthu.

Draft imeneyi inayamba mu 1965, pamene Kansas City Athletics inasankha Rick Monday kukhala woyamba. Kuyambira mu 2021 imachitika mu Julayi ndipo imakhala ndi ndime 20, kutanthauza kuti matimu onse 30 amagawana osewera pafupifupi 600. Amene amalowamo ndi achinyamata okhala ku United States, Canada ndi Puerto Rico, kaya amaliza kumene sekondale, kaya ali ku koleji ya zaka ziwiri, kaya atha zaka zitatu ku yunivesite kapena akwanitsa zaka 21.

Munthu woyamba kuona mnyamata ndi amene amatchedwa area scout, yemwe timu imamupatsa dera lake, nthawi zina zigawo zingapo za dzikolo, kuti adziwe wosewera aliyense wa luso m'deralo. Kuyambira mu February amakhalira pa msewu, lero ku sekondale iyi, mawa ku koleji ina, atanyamula wotchi yoyezera masekondi, kachipangizo koyezera liwiro la mpira ndi kabuku. Wodziwa ntchito amafika masewero asanayambe n'cholinga choti aone momwe mnyamatayo amakonzekerera, kenaka amakakhala kuseri kwa wowakha mpira, kumene amatha kuona bwino momwe mpira ukuchokera m'dzanja la woponya. Akakhutira amalemba lipoti, ndipo timu imatumiza munthu wina wotchedwa crosschecker, amene waona achinyamata a madera ambiri, kuti ayerekeze mnyamata wa ku Georgia ndi mnzake wa ku California. Pamwamba pawo pali mkulu wa ofufuza onse, amene amasanja mayinawo pa ndandanda imodzi masiku a draft akayandikira.

Kuti anthu onsewa azimvana, amapereka malikisi oyambira pa 20 kulekeza pa 80, ndipo 50 amaimira wosewera wamba wa mu ligi yaikulu. Kwa amene si woponya amayang'ana zinthu zisanu: luso lomenya mpira, mphamvu youmenyera kutali, liwiro, kuwakha ndi mkono. Pa chilichonse amalemba malikisi awiri, a lero ndi a m'tsogolo, ndipo a m'tsogolowo ndi amene timu imalipirira, monga momwe mlimi amayang'anira chimanga chofika m'mawondo mu Januwale n'kunena matumba amene adzakolole. Zina mwa zinthuzi n'zosavuta kuyeza. Womenyera kumanja akathamanga mamita 27 opita pa base yoyamba, malo oyamba amene amathamangira akamenya mpira, m'masekondi 4.3 amaonedwa kuti ali pakatikati, wowakha mpira amayembekezeka kuufikitsa pa base yachiwiri m'masekondi pafupifupi awiri, ndipo woponya amamuyerekeza ndi akatswiri a mu ligi, amene mpira wawo wa liwiro umathamanga makilomita pafupifupi 150 pa ola.

Chimene chimavutitsa aliyense ndi luso lomenya mpira, ndipo apa m'pamene ndikufuna tiimepo pang'ono. Mnyamata wa ku sekondale amamenya ndi ndodo yachitsulo, imene imathamangitsa mpira ngakhale sanaupeze bwino, komanso amakumana ndi oponya amene ambiri a iwo sadzasewera kupitirira sukuluyo. Akalowa m'gulu la akatswiri amapatsidwa ndodo yamtengo, ndipo mpira umamufika pasanathe theka la sekondi, wina wolunjika, wina wokhota, wina wochedwa dala kuti umunamize. Choncho wofufuza wanzeru sasangalala chabe poona mpira ukuuluka kunja kwa mpanda, koma amayang'ana ngati manja a mnyamatayo ali achangu, ngati mutu wake umakhazikika pamene akumenya, ngati amazindikira msanga mpira wokhota n'kuuleka udutse, ndiponso chimene amachita akalephera katatu motsatizana. N'chifukwa chake matimu amalemekeza kwambiri Cape Cod Baseball League ya ku Massachusetts, kumene osewera abwino a m'makoleji amakumana m'nyengo yotentha ndi kumenya ndi ndodo zamtengo, pakuti masabata ochepa kumeneko amaulula zimene chaka chonse cha ku koleji chimatha kubisa.

Ngakhale zili choncho, zolakwika zimachitika ndithu, ndipo zina n'zazikulu. Mu 1966 New York Mets inasankha Steve Chilcott kukhala woyamba, n'kusiya Reggie Jackson kuti atengedwe ndi Athletics pa nambala yachiwiri. Chilcott anavulala phewa ndipo sanafike mu ligi yaikulu, pamene Jackson anamenya ma home run 563 (home run nthawi zambiri ndi kumenya mpira mpaka kuuluka kunja kwa mpanda). Mu 1999 Albert Pujols anadikira mpaka ndime ya 13, pa nambala 402, chifukwa ambiri ankakayikira thupi lake ndi malo amene angasewere pabwalo, koma anapuma atamenya ma home run 703. Nkhani imene imandiphunzitsa kwambiri ndi ya Mike Trout. Iye anachokera ku Millville, ku New Jersey, dera lozizira kumene masewero a sekondale amayamba mochedwa ndipo ofufuza sakhala ndi mipata yambiri yoonera mnyamata, motero mu 2009 mayina 24 anatchulidwa lake lisanamveke. Los Angeles Angels inamutenga pa nambala 25 chifukwa wofufuza wawo wa m'deralo, Greg Morhardt, anamuona mobwerezabwereza ndipo anamuimirira molimba, ndipo Trout anadzapambana katatu mphoto ya wosewera wopambana mu American League.

Kwa oponya mpira nkhawa yaikulu ndi thanzi la mkono. Mu 2014 Houston Astros inasankha Brady Aiken kukhala woyamba, koma madokotala atamuunika chigongono timuyo inatsitsa ndalama zimene inalonjeza, mgwirizano unalephereka, ndipo chaka chotsatira mnyamatayo anachitidwa opaleshoni ya chigongono chomwecho. Khalidwe nalo amalifufuza mozama, pocheza ndi aphunzitsi ndi makochi ndi kukafika pakhomo pa makolo, chifukwa mnyamata wosankhidwayo amatha zaka zingapo m'maligi ang'onoang'ono, akuyenda maulendo aatali pa basi kutali ndi kwawo, ndipo kumeneko n'kumene ambiri amakumana ndi kulephera koyamba pa moyo wawo.

Pa ulendo wa pakhomo womwewo wofufuza amafunanso kudziwa ndalama zimene banjalo lingavomere, popeza mnyamata wa ku sekondale ali ndi ufulu wokana n'kupita ku yunivesite. Kuyambira mu 2012 timu iliyonse imakhala ndi thumba la ndalama loikidwa malire losainira osewera a m'ndime khumi zoyambirira, ndipo ikapitirira malirewo ndi zoposa 5 peresenti imalandidwa mwayi wosankha m'ndime yoyamba ya draft yotsatira. Izi zimachititsa kuti nthawi zina woyamba kusankhidwa asakhale amene aliyense akumutama. M'chaka chomwecho cha 2012 Astros inatenga Carlos Correa kukhala woyamba pa mtengo wa madola 4.8 miliyoni, wotsika poyerekeza ndi 7.2 miliyoni zimene zinaikidwa pa nambalayo, ndipo zotsalazo zinawathandiza kusainira Lance McCullers Jr.

Kunena za makina, sindiwanyoza ngakhale pang'ono. TrackMan ndi zipangizo zina zimayeza momwe mpira ukuzungulirira ndi liwiro limene ukuchokera pa ndodo, zinthu zimene diso silingathe kuwerenga, ndipo kuyambira mu 2021 ligi imasonkhanitsa achinyamata otchuka pamalo amodzi kuti ayesedwe luso ndi thanzi. Kwa wosewera wa ku yunivesite yaikulu ngati Paul Skenes wa ku Louisiana State University, amene Pittsburgh Pirates inamusankha koyamba mu 2023 n'kumupatsa madola 9.2 miliyoni, makina ndi maso zinagwirizana, ndipo pasanathe chaka anali akuponya kale mu ligi yaikulu. Koma pamene matimu ena anayamba kuchepetsa ofufuza awo, monga momwe Astros inachitira mu 2017, ine ndinaona kuti akutaya chinthu chovuta kuchibwezeretsa, chifukwa mabwalo ambiri a sekondale alibe makina amenewa, ndipo ngakhale pamene alipo sangakuuzeni ngati mnyamata wowonda wa zaka 17 adzakhwima thupi ngati bambo ake kapena ngati amamvera akamulangiza.

Mwina ena muno angafunse za mnyamata wa ku Africa. Iye salowa mu draft pokhapokha atakaphunzira ku America, monga anachitira Tayler Scott wa ku Johannesburg, amene anakamalizira sekondale ku Arizona n'kusankhidwa ndi Chicago Cubs pa ndime yachisanu mu 2011. Njira ina ndi imene amatsata anyamata a ku Dominican Republic ndi Venezuela, amene amasainirana ndi timu mwachindunji kuyambira ali ndi zaka 16. Gift Ngoepe wa ku South Africa anadutsa njira ya kusainirana mwachindunjiyi ndi Pittsburgh Pirates mu 2008, ndipo anakhala m'maligi ang'onoang'ono mpaka mu Epulo 2017, pamene anakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu Major League Baseball.