Achimwene anga atchona kapena asungulumwa?

Funso: Achimwene anga amagwira ntchito ya ulonda ku Johannesburg. Chaka chino foni sakuyankha, ndipo mnzawo akuti akangoweruka amakadzitsekera m'chipinda. Amayi akuti atchona, ine ndikuti asungulumwa. Mawu olondola ndi ati? Ndine mayi wa ku Ndirande.

Yankho: Pepani ndi nkhawayi, mayi. Mawu awiriwa sanena chinthu chimodzi.

Ndiyambe ndi mawu a amayi anuwo, chifukwa mawuwa ndimawakonda. Kutchona tidachita kubwera nako kuchokera kumwera. M'Chizulu, shona ndi kulowa kwa dzuwa kapena kumira, ndipo Andebele amati tshona. Makolo athu okagwira ntchito ku migodi ya golide kudzera ku WENELA, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za ku migodiko, ndi ena opita ku Salisbury (Harare ya lero) ndi ku Bulawayo, adatola mawuwa komweko. Mtchona ndi munthu yemwe walowa ngati dzuwa osatulukanso: kalata osalemba, ndalama osatumiza, mkazi kumudzi nkumalima yekha. Agogo anga akatchula mlongo wawo yemwe adapita ku Halale ankangoti "adatchona," kenako zii. Mu 1974 ndege ya WENELA itagwa ku Francistown, Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu opita ku migodiko, koma mawuwa adatsala pakamwa pathu.

Taonani, kutchona ndi mawu a otsala kumudzi. Amanena za kudikira kwathu, ndipo muli kachidzudzulo. Simudzamva munthu akudandaula kuti "ndatchona."

Kusungulumwa ndi kwa mwini wake. Ine ndimakhulupirira kuti ndi pachibale ndi kusungunuka, mtima kusungunuka ngati mafuta padzuwa. Sikukhala wekha chabe ayi. Mlonda amachezera usiku wonse pageti, masana nkugona anzake ali maso, mozunguliridwa ndi anthu olankhula zinenero zina. Wotere atha kusungulumwa ali m'minibasi yodzaza.

Pali mawu achitatu omwe nonse mwawadumpha: kubindikira. Zodzitsekera m'chipindazo ndiko kubindikira, monga namwali amabindikiritsidwa pachinamwali. Mu 2020 mawayilesi adawafukula ponena za m'bindikiro wa Covid-19, ndipo ndidakondwa. Chondipweteka n'chakuti mliri utatha tabwerera ku "ali ndi stress" ndi "akudzipanga isolate." Stress imeneyi yameza nkhawa, kutopa, chisoni ndi kusungulumwa, zonse m'thumba limodzi, mwakuti sitidziwanso chomwe chikumudya m'bale wathu.

Tsono amayi anuwo musawavomereze msanga. Komwe ali achimwene mukukudziwa, mnzawo amawaona, ndipo chaka sichinathe. Kumeneko sikutchona. Nenani kuti abindikira, pakuti ndi zomwe zikuoneka. Za kusungulumwa adzanena okha, mnzawoyo akawapatsira foni.